Njira ya katswiri wa zolembalemba za ku America, monga ndinaiyendera

Achinyamata angapo amene anamaliza digiri ya Chingerezi kumudzi akhala akundilembera, kufunsa mmene munthu amafikira pokhala katswiri wa zolembalemba za ku America, komanso ngati ntchitoyi imadyetsa banja. Pa foni ndimangoyankha mawu awiri atatu, ndipo zimenezo sizithandiza munthu amene akufuna kudziwa kumene angaike zaka za unyamata wake. Ndiye ndati ndikhale pansi ndifotokoze monga ndinazionera, ine amene lero ndikuphunzitsa pa kakoleji kena kakang'ono m'chigawo chapakati cha dzikoli.

Pafupifupi onse amayamba n'kunena kuti amakonda kuwerenga. Chikondi chimenecho n'chofunika, popanda icho simungapirire. Koma yunivesite silemba munthu ntchito chifukwa chokonda mabuku. Imafuna munthu amene ali ndi funso lakelake, limene ena sanaliyankhe, ndipo ndi wokonzeka kulifunira umboni kwa zaka zambiri. Ine zimenezi zinandilowa bwino nditadziwa ntchito ya mayi wina, Jean Fagan Yellin. Sindinakumanepo nawo, anamwalira mu 2023, koma ndimauza wophunzira aliyense mbiri yawo asanasankhe njira imeneyi.

Mu 1861 ku Boston kunatuluka buku lotchedwa Incidents in the Life of a Slave Girl. Wofotokoza nkhaniyo anadzitcha Linda Brent, ndipo dzina lodziwika limene linaoneka pa bukulo linali la mkonzi wake, Lydia Maria Child, mzungu wolemba mabuku amene ankalimbana ndi ukapolo. Ndi nkhani ya mtsikana kapolo amene mbuye wake, dokotala, ankamuumiriza kuti azigona naye. Mtsikanayo anathawa n'kukabisala m'kadenga ka nyumba ya agogo ake kwa zaka pafupifupi 7, malo amene munthu sangaimirire, pakuti pamene panali potalika panali mafiti atatu okha. Ana ake ankawaonera pa kabowo kamene anaboola yekha. Kwa zaka zambiri akatswiri ambiri ankati nkhaniyi ndi yopeka, ena n'kumati analemba ndi Child. Ngakhale John Blassingame, katswiri wakuda wolemekezeka kwambiri pa mbiri ya ukapolo, analikayikira bukuli mu 1972. Ankati nkhaniyo ndi yosalala mopitirira, ikufanana ndi nthano zokhudza mtima zimene anthu ankakonda kuwerenga masiku amenewo. Ine ndimaona kuti kwa anthu ambiri pansi pa zifukwazo panalinso china: ankavutika kukhulupirira kuti mkazi amene anabadwira mu ukapolo angalembe chotero.

Mayi Yellin ankaphunzitsa pa Pace University ku New York. Si Harvard kapena Yale ayi, ndi sukulu imene mphunzitsi amakhala ndi makalasi ambiri. Poyamba nawonso ankatenga bukuli ngati lopeka, monga anaphunzitsidwira. Ataliwerenganso mtima wawo sunakhazikike, ndipo anayamba kufufuza. Ku University of Rochester kunali makalata amene mayi wina, Harriet Jacobs, ankalembera mnzake Amy Post. M'makalatamo Jacobs akufotokoza mmene akulembera mbiri ya moyo wake usiku, atatopa ndi ntchito yolera ana a mabwana ake. Mu 1981 Mayi Yellin anasindikiza umboni umenewu m'magazini ya akatswiri yotchedwa American Literature. Wina akanalekera pomwepo, dzina litamveka kale. Iwo anapitiriza. Mothandizana ndi osunga zikalata zakale a ku North Carolina, anatsata munthu aliyense wa m'bukumo mpaka kupeza dzina lake lenileni. Tauni ija inali Edenton, dokotala uja anali James Norcom, agogo aja anali Molly Horniblow. Chilengezo chimene Norcom anaika m'nyuzipepala mu 1835, cholonjeza madola 100 kwa aliyense womugwirira kapolo wake wothawa, chinapezekanso. Mu 1987 Harvard University Press inatulutsa bukuli lili ndi dzina la mwini wake ndi umboni wonse. Mu 2004 Mayi Yellin anatulutsa mbiri ya moyo wonse wa Jacobs, kuphatikizapo zaka zimene anathandiza akapolo othawa nkhondo ku Alexandria, Virginia, n'kutsegula sukulu kumeneko. Mu 2008 anatulutsa zikalata za banja lonse m'mabuku awiri akuluakulu.

Kuchoka 1981 kufika 2008 ndi zaka 27, akufufuza moyo wa mayi mmodzi, Jacobs. Lero buku la Jacobs limawerengedwa m'makalasi a m'dziko lonse la America pambali pa la Frederick Douglass, kapolo wothawa wotchuka amenenso analemba mbiri ya moyo wake, ndipo ophunzira anga a chaka choyamba sadziwa n'komwe kuti linakanidwapo. Ntchito ya ukatswiri ndi imeneyi. Gawo lake lalikulu si kukamba zokoma za ndakatulo pamaso pa anthu ayi, ndi kutsegula mabokosi a mapepala, kuyerekeza madeti, kulemba makalata kwa osunga zikalata, kudikira mayankho.

Ine ndinafika kuno nditaphunzitsa kaye ku sekondale kwathu. Zaka ziwiri zoyambirira za PhD zimakhala za makalasi, nthawi zambiri atatu pa semesita. Kalasi iliyonse imakumana kamodzi pa sabata, anthu khumi kapena kuposerapo pang'ono atazungulira tebulo, ndipo pofika tsikulo mumayenera kukhala mutamaliza buku lathunthu ndi nkhani zingapo za akatswiri zokamba za bukulo. Kuwerengako ndinakukwanitsa. Chimene chinandilemera ndi kuyankhula. Kwathu tinaleredwa kuti mphunzitsi akamayankhula umamvetsera, ndipo sungatchule munthu wamkulu ndi dzina lake loyamba. Kuno anzanga ankatsutsa pulofesa wa imvi pamaso pake, akumutchula dzina ngati mnzawo, iye n'kumasangalala. Tsiku lina mayi amene pambuyo pake anadzakhala ondiyang'anira pa kafukufuku anandiitanira mu ofesi mwawo. Anatenga pepala limene ndinalemba, n'kulozera ndime ina ndi pensulo. "Izi mwalembazi n'zabwino kuposa zonse zimene zinanenedwa m'kalasi Lachiwiri lija," anatero. "Nanga bwanji simunazinene? Mukakhala chete anzanu amaganiza kuti simunawerenge." Kuyambira pamenepo ndinkalowa m'kalasi nditalemba mfundo imodzi pa kapepala, ndipo ndinkainena kumayambiriro, mtima usanayambe kugunda. Ulemu wanu musausiye pa bwalo la ndege, koma dziwani kuti kuno kufunsa ndi kutsutsa ndi mwa njira zolemekezera mphunzitsi.

Pali chinthu china chimene munthu wochokera ku Africa amakumana nacho m'madipatimenti a Chingerezi, ndipo ndibwino muchidziwiretu. Anthu, ena a mtima wabwino ndithu, amangoganiza kuti mwabwera kudzaphunzira mabuku a ku Africa. Mukanena kuti mukufuna olemba a ku America a m'zaka za m'ma 1800 amadabwa, ena n'kukulangizani kuti ntchito mungaipeze msanga mukabwerera ku za kwanu. Palibe cholakwika ndi kuphunzira mabuku a ku Africa, anzanga ambiri akuchita zimenezo ndipo akuchita bwino. Koma mzungu wa ku Ohio akasankha kuphunzira olemba a ku Nigeria palibe amene amamufunsa chifukwa chake. Musalole kuti pasipoti ikusankhireni phunziro.

Ndiponso Mmalawi sali mlendo kwenikweni ku nkhani zimenezi. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, anaphunzira ku seminale ya anthu akuda ku Lynchburg, Virginia, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa PIM ku Chiradzulu mothandizidwa ndi National Baptist Convention. Landon Cheek ndi Emma DeLany, amishonale akuda a ku America, anadzagwira naye ntchito ku Mbombwe. Anthu amenewa ankalemba makalata ndi malipoti opita kwa mipingo imene inawatuma. Funso langa linachokera pamenepo: kodi anthu amene makolo awo anali akapolo, ena a iwo obadwira mu ukapolo momwemo, ankalemba zotani za Africa akafika ndi kuiona ndi maso? Ankagwiritsa mawu a ndani, a amishonale achizungu kapena a mabuku a akapolo othawa amene anakula akuwerenga? Funso limeneli ndi la zolembalemba za ku America kotheratu, koma ine ndinali ndi khutu limene anzanga analibe. Ndinkadziwa mayina a malo olembedwa molakwika, ndinkazindikira pamene mlembi wamva mawu a Chinyanja n'kuwalemba monga anawamvera.

Ulendo wanga woyamba wa ku nyumba yosungira zikalata zakale sindidzauiwala. Chikwama ndi cholembera cha inki mumasiya pakhomo, mumalowa ndi pensulo ndi laputopu basi. Mumalemba nambala ya bokosi pa kapepala, n'kudikira kuti akubweretsereni pa kangolo. Mumatsegula foda imodzi pa nthawi, osasokoneza ndondomeko ya mapepala. Nyuzipepala zambiri za mipingo zinali pa microfilm, timafilimu tojambulapo masamba, ndiye ndinkakhala m'kachipinda ka mdima ndikupukusa chogwirira, masamba akudutsa pa galasi mpaka mutu kuwawa. Masiku ambiri ndinkatuluka chimanjamanja: malipoti a zopereka, mayina a omwalira, zotsatsa mankhwala. Kenako masana ena, pakona ya tsamba, ndinaona kalata yaifupi yochokera ku British Central Africa, dzina la Malawi nthawi imeneyo, yodandaula za malungo ndi kupempha mabuku a sukulu. Inali mizere yochepa chabe, koma mutu wathunthu wa dissertation yanga, buku la kafukufuku limene munthu amalemba kuti apeze PhD, unamera pa kalata imeneyo. Amene akuona kuti sangapirire masiku opanda kanthu aja aganize kawiri.

Tsopano za ndalama, pakuti apa m'pamene ambiri amapwetekera. Musavomere malo a PhD ya zolembalemba amene mukuyenera kudzilipirira nokha. Mapulogalamu abwino amakuchotserani fizi yonse, amakupatsani ndalama yodyera mwezi ndi mwezi ndi inshuwalansi ya kuchipatala, kawirikawiri kwa zaka 5 kapena 6. Posinthana ndi zimenezo mumaphunzitsa ana a chaka choyamba kalembedwe ka nkhani. Sukulu ikakulandirani popanda thandizo lotere, ndiye kuti ikufuna ndalama zanu. Pulogalamu ya masitazi yolipira nokha muichenjerere koposa, chifukwa ngongole yake malipiro a mphunzitsi sangaibweze msanga. Akakupatsani malo funsani mafunso awa mosachita manyazi: ndalamazo amapereka miyezi 9 kapena 12? Lendi m'tauniyo ndi zingati? Inshuwalansi ikukhudza mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana? Chaka chachisanu n'chimodzi chimalipiridwa? Pemphani kuti mulankhule ndi ophunzira amene alipo kale, iwo ndi amene amanena zoona. Mayunivesite ambiri anagwirizana kuti sangakukakamizeni kuyankha tsiku la 15 Epulo lisanafike, choncho muli ndi mpata woyerekeza.

Kumbukiraninso kuti visa ya ophunzira ya F-1 kawirikawiri imangokulolani kugwira ntchito ya pasukulu pomwepo, maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Abale kumudzi akamva kuti muli ku America amayembekeza zambiri, ndipo sangawadzudzule munthu. Koma ndalama ya wophunzira ndi yongokwanira munthu mmodzi wodziletsa. Ine ndinakhala pansi ndi amayi ndi achimwene anga ndisananyamuke, tinagwirizana kuti ndizithandiza fizi ya mwana mmodzi ndi feteleza, zina zidikire. Kukambirana kumeneko kunatisungira mtendere.

Makalasi akatha pamabwera mayeso aakulu. Mumapanga mndandanda wa mabuku oposa 100 pamodzi ndi aphunzitsi atatu kapena anayi, mumawerenga kwa miyezi yambiri, kenako amakufunsani molemba ndi pakamwa. Madipatimenti ambiri amafunanso kuti muonetse kuti mumatha kuwerenga chiyankhulo china kupatula Chingerezi. Ku dipatimenti yathu anavomera Chichewa nditawaonetsa kuti kafukufuku wanga akuchifuna, ndiye inunso funsani. Mukadutsa apa mumalemba dongosolo la dissertation, n'kutsala nokhanokha ndi ntchito ya zaka ziwiri, zitatu, ngakhale zinayi. Palibenso belu, palibe wokufunsani kuti lero mwalemba chiyani. Anthu anzeru kwambiri ndawaona akutayira mtima pamenepa. Chimene chinandipulumutsa ndi kagulu ka anthu anayi, tinkakumana Lachisanu lililonse, aliyense atanyamula masamba amene walemba sabata imeneyo, abwino kapena oipa. Posankha wokuyang'anirani musathamangire dzina lotchuka. Funsani ngati amayankha maimelo, ngati amawerenga mitu pa nthawi yake, ndi kumene ophunzira ake akale ali lero.

Za ntchito ndinene mosabisa: zinthu si zili bwino. Chiyambire mavuto a zachuma a 2008, malo a ntchito za Chingerezi olengezedwa kudzera ku Modern Language Association, bungwe la akatswiri a ziyankhulo ndi zolembalemba, anatsika kuposa theka m'zaka khumi zotsatira, pamene omaliza PhD sanachepe chomwecho. Malo amodzi a zolembalemba za ku America amafunsiridwa ndi anthu mazana. Zolengeza zimatuluka cha mu Seputembala ndi Okutobala. Kale anthu ankafunsidwa mafunso m'zipinda za mahotela pa msonkhano wa pachaka wa bungweli, atadzilipirira okha ulendo. Masiku ano gawo loyamba limachitika pa Zoom, ndipo zimenezo zathandiza osauka. Atatu kapena anayi otsala amaitanidwa kusukuluko kwa masiku awiri, kukakamba za kafukufuku wawo, kuphunzitsa kalasi anthu akuonerera, ndi kudya ndi aphunzitsi amene akuwayesabe ngakhale pa tebulo.

Amene wachita mwayi amalowa ngati assistant professor, pa njira yopita ku tenure, ndiko kuti ntchito yokhazikika imene sangakuchotseni popanda chifukwa chachikulu. Cha m'chaka chachisanu n'chimodzi amakuunikani. Ku mayunivesite a kafukufuku amafuna buku losindikizidwa ndi kampani ya mabuku ya yunivesite, ndipo ntchito yanu amaitumiza kwa akatswiri a kwina kuti aiweruze. Mukadutsa mumakhala associate professor, kenako, patapita zaka ndi buku lina, pulofesa wathunthu. Mukalephera amakupatsani chaka chimodzi chofunira kwina. Koma ambiri ophunzitsa m'makoleji a ku America lero sali pa njira imeneyi n'komwe. Pali amene amatchedwa adjunct, amene kwenikweni ndi aganyu: amalipidwa pa kalasi iliyonse, semesita ndi semesita, nthawi zambiri popanda inshuwalansi, ena akuthamanga pakati pa makoleji awiri atatu kuti lendi ikwane. Ndili ndi anzanga olemba bwino kundiposa amene akhala moteremo zaka zambiri, ndipo zimandipweteka mtima. Kwa mlendo njira imeneyo ndi yotsekeka ndithu, chifukwa akamaliza maphunziro a zolembalemba amangololedwa kugwira ntchito miyezi 12 pa chilolezo cha OPT, kenako pafunika sukulu yoti imupezere visa ya ntchito. Amene abwera pa thandizo la maphunziro la boma la America lotchedwa Fulbright amayenera kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri. Malamulo a visa amasinthasintha, choncho muzifunsa ku ofesi ya ophunzira akunja, osati kwa anzanu a pa Facebook.

Ine ndinadutsa pa ntchito za chaka chimodzi chimodzi, kusamuka ndi mabokosi a mabuku, ndisanapeze pamene ndili. Ndimaphunzitsa makalasi anayi pa semesita, ambiri mwa iwo a kalembedwe, imodzi yokha ya mabuku amene ndinawaphunzira. Kafukufuku ndimachita m'mawa kusanache ndi pa tchuthi cha chilimwe. Buku langa likuyenda pang'onopang'ono. Sindidandaula, pakuti ntchitoyi ndimaikonda, ndipo tsiku limene mwana wa mlimi wa chimanga wa kuno awerenga Jacobs koyamba n'kubwera ku ofesi ndi mafunso limandikwanira. Komabe anzanga ena anasankha kupita ku malaibulale, ku makampani osindikiza mabuku, ku masukulu a sekondale, ena kubwerera ku mayunivesite a ku Africa, ndipo palibe mwa iwo amene ndingamutche wolephera. Lowani mu PhD mukudziwa kuti mwina uprofesa wa kuno sudzabwera, ndipo dzifunseni ngati zaka 6 kapena 7 zimenezo mungazikonde pazokha.

Ngati mwamva zonsezi mtima ukadali pomwepo, ntchito iyambireni kumudzi konko. Pa zonse zimene mumatumiza pofunsira malo, chimene aphunzitsi amawerenga mosamala ndi chitsanzo cha zolemba zanu, nkhani ya masamba 15 kufika 25 yokamba za buku limodzi kapena awiri mozama, yoonetsa kuti mukudziwa zimene akatswiri ena ananena ndipo muli ndi chanu choonjezera. Musatumize chidule cha nkhani ya m'buku. Zipangizo zambiri zili pa intaneti mwaulere. Documenting the American South, ya University of North Carolina, ili ndi mabuku a akapolo ochuluka zedi. Chronicling America, ya Library of Congress, ili ndi nyuzipepala zakale zimene mungafufuze ndi mawu. Project Gutenberg ili ndi mabuku ambiri a m'zaka za m'ma 1800. Amene ali pafupi ndi Zomba apite ku National Archives akaphunzire kugwira mapepala akale, luso lake ndi limodzimodzi kulikonse. M'kalata yofotokoza cholinga chanu musayambe ndi mbiri ya ubwana wanu, nenani funso lanu ndi chifukwa chake dipatimenti imeneyo ndiyo yoyenera, mutchule aphunzitsi awiri kapena atatu amene mwawerengadi ntchito zawo. Mufunikanso makalata atatu a aphunzitsi amene akudziwa zolemba zanu. Apatseni miyezi iwiri, muwatumizire nkhani yanu ija, ndipo muwakumbutse mwaulemu, chifukwa kalata imodzi ikachedwa fomu yonse imaima. Sukulu zambiri zinasiya kufuna mayeso olowera otchedwa GRE, ndipo zina zimachotsa ndalama yofunsira malo mukapempha. Masiku otsekera amakhala mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, choncho pofika Ogasiti nkhani yanu ikhale italembedwa kale ndipo munthu wina wodziwa ataiwerenga.